Nsomba ya Bwana

Mesho wanga anakapeza kachitiniko Lachitatu lina madzulo, akufunafuna singano yoti asokere batani la malaya ake. N'kachitini ka fodya, kakalekale, kadzimbiri m'mbali, ndipo ndimakasunga pansi pa zovala m'sutikesi. Atakatsegula anangoti kakasi. Munali mbedza 14, iliyonse itavekedwa nthenga ndi ulusi, kotero kuti ukaziona mothamanga ungayese n'tizilombo touma.

"Aise, mankhwala a mayeso amenewa?"

Ndinamuuza kuti ayi, ndi nyambo zowedzera nsomba ku phiri kwathu ku Mulanje, ndipo anazimanga ndi agogo anga. Ndinafotokozanso pang'ono kawedzedwe kake: kuti munthu umakwera phiri maola anayi kapena asanu, umaima m'madzi ozizira tsiku lonse ukuponya nthenga, ndipo nsomba ikakodwa nthawi zambiri umaibwezera m'madzi. Apa mpamene ndinalakwitsa. Mnzangayu kwawo ndi ku Nkhotakota, mwana wa msodzi weniweni, wa bambo amene amagona panyanja ndi nyali kusaka usipa, ndipo malume ake ena nyanja inawatenga osawabweza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Bola ukanati n'zithumwa, ndikanakumvetsa." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Bwana DC. Lafika kale ku Chikanda kumene timakadya, ndipo amayi amene amatigulitsa nsima, osadziwa n'komwe gwero lake, amandifunsa mwaulemu ngati a DC akufuna nyemba kapena matemba.

Dzinalo silindiwawa kwenikweni. Chimene chakhala chikundisowetsa tulo n'chakuti zina mwa zimene mesho akunena n'zoona, ndipo ndakhala ndikuyesa kupeta kuti ndione madeya ndi ati, mphale ndi iti.

Ndiyambe ndi nsombayo, pakuti ambiri mwa inu simunaionepo. Dzina lake ndi trout. Agogo ankati talauti, koma kawirikawiri ankangoti nsomba ya bwana. Si ya kuno. Mtundu umene tili nawo, uja wa mzere wofiirira m'nthiti ndi timadontho takuda kumsana, kwawo ndi ku mitsinje ya kumadzulo kwa North America imene imathira m'nyanja ya Pacific. Azungu anabwera nayo kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 naiika m'mitsinje ya pamwamba pa phiri la Zomba limene latiweramirali, kenaka ku Mulanje ndi ku Nyika. Sanaiike pamwamba pofuna kutibisira ayi. Nsombayi imafuna madzi ozizira, oyera, othamanga, ndipo madzi akafunda kupyola madigiri 20 imayamba kuvutika. Mu Shire kapena m'Chilwa singakhalitse. Kotero chibadwa chake chomwe chinaikhazika kumwamba kumene kulibe midzi, pamene mlamba ndi matemba zinatsala kumunsi pamodzi ndi ife. Alakatuli a m'gulu lathu lino amene mukusowa fanizo la utsamunda, ndi limenelo, ndakupatsani ulere.

Agogo anga, bambo a amayi, anakulira m'mphepete mwa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri. Tiyi ku Mulanje ngwakale, anayamba mu 1891 pamene Henry Brown anabzala ku Thornwood, ndipo pofika nthawi ya agogo mwana wa kwathu ankabadwa dzina lake likudikiridwa kale m'buku la kapitao. Iwo anayamba ntchito m'zaka za m'ma 1950 ngati mnyamata wosesa pabwalo kwa manijala wina wochokera ku Scotland. Loweruka kukacha bwino bwanayo ankakwera phiri, ndipo wosesa uja ankasanduka mtengatenga: dengu kumsana, kaukonde kudzanja, bulangete ndi fulasiki ya tiyi pamutu. Anachita zimenezi zaka pafupifupi 20, ndipo m'zaka zonsezo bwana sanawagwiritseko ndodo yowedzera ngakhale kamodzi. Ntchito yawo inali kuima kumbuyo, kukhala chete, kukwera mumtengo mbedza ikakodwa m'nthambi, ndi kulowetsa kaukonde pansi pa nsomba bwana akaikokera kugombe.

Koma maso alibe mpanda. Bwana atayamba kukalamba, maso kuchita khungu ndi manja kunjenjemera, ndi agogo amene ankakhala pakhonde la kuseri kumanga nyambo. Nyambo zimenezi eni ake amazitcha ntchentche, ngakhale sizifanana ndi ntchentche ya kudzala. Zimatsanzira tizilombo tamapiko timene timaswa m'madzi kapena kugweramo. Zochokera kunja zinali ndi maina ake ake, Coachman, Invicta, Mrs Simpson. Yomalizayi anaipatsa dzina la mayi uja amene Edward VIII anamusiyira ufumu mu 1936, ndipo akuti nzeru yake inali yakuti ngati mfumu inakodwa, nsomba ndi ndani. Agogo anazimanga zonsezi mpaka kuziloweza, kenaka anaona chimene bwana sanachione. Mvula yoyamba ikagwa, tinyerere tamapiko timagwera m'maiwe mwaunyinji, ndipo masiku amenewo nsomba siziyang'ananso china chilichonse. Anasula ulusi wa juzi yakale yofiirira, natenga nthenga ziwiri zotuwa za nkhuku ya kwawo, namanga nyerere yawoyawo. Inagwira nsomba kuposa zonse za m'bokosi. Bwana anapita nayo ku kalabu, naitcha dzina lake lomwe. Agogo ankasimba zimenezi akuseka, ndipo kuseka kwawoko kunayamba kundikwiyitsa nditangoyamba kuwerenga mabuku a ku sekondale.

Bwana pobwerera kwawo anawasiyira kachitinika, kagudumu kokulungira chingwe ndi chingwe chimodzi chakale. Ndodo anapita nayo. Agogo anadula nsungwi kuseri kwa nyumba, naiwongola pamoto, naimangirira timphete ta sipoko ya njinga.

Ine ananditenga koyamba mu Disembala 2014, ndili mu Sitandade 6. Tinanyamuka tambala woyamba asanalire. Iwo anali atapyola zaka 70, kotero tinkapuma pafupipafupi, ndipo popuma tinkapatukira anyamata amene ankatsika chothamanga, opanda nsapato, matabwa a mkungudza ali pamutu. Tisanalowe m'nkhalango yeniyeni agogo anaima pa mwala wina, natulutsa kaufa m'kapepala, nathira pansi akunong'ona. Chiphaso cha boma analibe, ndikuvomera poyera. Koma eni phiri anawapempha. Anandichenjeza kuti ndisaloze ndi chala ku Sapitwa, ndisatukwane, ndipo ndikaona chakudya chosadziwika mwini ndisaitane mnzanga. Pamene UNESCO inalemba phirili mu 2025 pakati pa malo osungidwa a dziko lonse lapansi, chachikulu chimene inatchula ndi chimenechi, kuti kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe phirili ndi mudzi wa mizimu. Agogo sakanadabwa nazo.

Mtsinje umene tinafikako sindiutchula dzina. Asodzi onse, a ku Scotland ndi a ku Nkhotakota omwe, amagwirizana pa mwambo umodzi wokhawu.

Ndinkayesa kuti tikangofika tiyamba kuponya. Agogo anakhala pansi kuseri kwa chitsamba, nandiuza kuti ndikhalenso, ndipo tinayang'ana dziwe pafupifupi ola lathunthu. Ine ndinkangoona madzi. "Iwe, usayang'ane madzi, yang'ana mchenga wa pansi," anatero. "Nsomba siioneka. Chimaoneka n'chithunzithunzi chake." Ndipo zoonadi, pamene maso anga anatopa ndi kufunafuna, ndinaona kamdima kakatali ngati mkono wa mwana kakugwedezeka pamchenga, mutu utaloza kumene madzi akuchokera. Kenaka pamwamba pa madzi panaoneka kamphete, kakukula, kakutha. Agogo anavundukula miyala iwiri itatu ya m'mphepete kuti aone tizilombo timene tinamata kunsi kwake, anayang'ana m'mwamba, nasankha nyerere yawo ija. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuti ndimve mwambiwu kunja kwa buku la Chichewa.

Pano ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi, chifukwa ndi pamene pagona kukoma konse. Pa mbedza yathu ya masiku onse chimene chimaponyeka ndi kulemera kwa nyambo kapena kamtovu, twayini amangotsatira. Koma nthenga ilibe kulemera. Yesani kuponya nthenga ya nkhuku muone kumene ikagwere. Tsono pa kawedzedwe aka cholemera ndi chingwe, ndipo chimene munthu umaponya ndi chingwecho, nthenga n'kumangokwera nawo ngati mwana kumbuyo. Umakweza ndodo kuti chingwe chipite kumbuyo, umadikira kamphindi kuti chitambasuke m'malere, kenaka umachibweza kutsogolo. Ukafulumira chimalira ngati chikoti ndipo nyambo imaduka. Ukachedwa chimagwera m'udzu. Kamphindi kodikirako palibe amene angakuwerengere, umakamva m'dzanja. Nyamboyo iyenera kutera kumtunda kwa nsomba mopanda phokoso, n'kuyandama pa liwiro lenileni la madzi ngati kachilombo kamene kagwa mwangozi. Ikangokokeka pang'ono ndi chingwe, nsomba imadziwa kuti ili ndi bodza, ndipo imatsika pansi osabweranso. Iwe mwini uyenera kuidzera kumbuyo, chowerama, chithunzithunzi chako chisagwere m'madzi.

Ndinaona nkhalamba ya msana wopindika, imene kumudzi inkavutika kunyamula ndowa, itaima pamwala chingwe chikulemba m'malere pamwamba pa mutu wake. Nthenga inatera. Inayenda mwina mikono iwiri. Madzi anatseguka, ndodo inapindika, ndipo nsomba inadumpha yonse kunja, dzuwa likuwala m'nthiti mwake. Ndinakuwa, kuiwala malamulo onse a eni phiri.

Inali yaikulu, yokwana ndiwo za anthu anayi. Agogo ananyowetsa manja, naigwira m'madzi momwemo, natulutsa mbedza, nandiuza kuti ndiikhudze. Inali yozizira ndi yolimba ngati mnofu wa mwendo. Kenaka anatambasula zala. "Iyi ndi mayi wa dziwe lino," anatero. "Ukadya mbewu, chaka chamawa udzabzala chiyani?" Masana anagwira ina yocheperapo, tinaiotcha pamakala n'kudyera chinangwa, ndipo tinatsika manja ali m'thumba.

Amayi anatilandira pakhomo dzuwa litalowa. Anayang'ana dengu, anayang'ana bambo awo. "Ababa, tsiku lonse lathunthu, ndiwo zili kuti?" Ine ndi changu changa ndinasimba za nsomba yaikulu imene tinaibweza. Amayi sanakweze mawu. Anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwayamba kumuphunzitsa mwanayu chizungu cha anthu osauka." Usiku umenewo tinadyera chigwada chopanda nsinjiro, ndipo palibe amene analankhula.

Kotero mesho si woyamba kundiimba mlandu umenewu, ndipo sindingaukane wonse. Ndodo yeniyeni ya m'sitolo, ndi chingwe chake ndi kagudumu kake, zoitanitsa ku Johannesburg, mtengo wake umaposa malipiro a mwezi wathunthu a mayi wothyola tiyi. Kuposa ndalama, masewerawa amafuna tsiku lopanda ntchito, ndipo kwathu tsiku lopanda ntchito ndi la maliro. Palinso mpanda wa malamulo. Phiri la Mulanje linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo pa madzi a trout mwambo unali wa chiphaso cholipira ndi nthenga basi. Nyongolotsi ayi, mono ayi, katupe ndiye osatchula n'komwe. Malamulo otere amasungadi nsomba, pakuti katupe amapha dziwe lonse ndi ana omwe. Koma amasankhanso anthu, chifukwa amaloleza njira yokhayo imene mlendo amaidziwa n'kuletsa zonse zimene mwini dziko amazidziwa. Wobwera ndi nthenga anali katswiri wa masewera. Wobwera ndi nyongolotsi anali wakuba.

Kunyada kumeneku sanakuyambire kuno. Ku England komweko nsomba anazigawa pawiri, za mabwana monga trout ndi salmon, ndi zina zonse zimene anazipatsa dzina lotanthauza kuti n'zachabechabe, zowedza anthu a m'mafakitale m'ngalande Lamulungu. Ngakhale pakati pa oponya nthenga okhaokha munali magulu. Frederic Halford, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1886, anaphunzitsa pa mtsinje wa Test kuti njira yaulemu ndi ya nyambo yoyandama pamwamba, yoponyera nsomba imene waiona ikudya. G. E. M. Skues atasonyeza kuti trout imadya kwambiri tizilombo ta pansi pa madzi ndipo nyambo ingathe kumira, otsatira a Halford anamuona ngati wodetsa mwambo, mpaka mu 1938 anachita mtsutso wapoyera pa kalabu yawo ku London. Taganizani, anzanga: nkhondo yaikulu ili pakhomo, akuluakulu a mataye akukangana ngati nthenga iyenera kunyowa.

Mpaka pamenepa mesho wapambana. Koma pali pamene ndimasiyana naye. Iye amati kuwedza ndi nthenga n'kwa azungu olemera mwachibadwa chake, ndipo mbiri siikumuvomereza. Cha m'ma 200, wolemba wa ku Roma dzina lake Aelian anasimba za anthu a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza ndi kumangirirapo nthenga za tambala; amenewo anali anthu a kumudzi ofuna ndiwo. Ku mapiri a ku Japan kuli njira yotchedwa tenkara, ya nsungwi, chingwe ndi nthenga, yopanda n'kagudumu komwe, ndipo eni ake oyamba anali amphawi ogwira nsomba zogulitsa, amene anasankha nthenga chifukwa siitha msanga ngati nyongolotsi. Ndipo ku Mulanje munthu amene ankadziwa bwino koposa chimene talauti imadya mvula yoyamba ikagwa anali wosesa pabwalo amene sanapyole Sitandade 3. Mpanda unali pa madzi ndi pa khomo la kalabu. Luso lenilenilo linadumpha mpandawo kalekale, litabisala m'kachitini ka fodya.

Chimene chimandivuta kwambiri m'mawu a mesho, ngakhalenso a amayi, n'chiganizo chimene chagona pansi pake, chakuti munthu wosauka ayenera kuchita zokhazo zimene zimadzaza mimba. Ndikachiyang'anitsitsa chiganizo chimenechi ndimaona nkhope ya bwana. Ndi iye amene ankakhulupirira kuti mnyamata wonyamula dengu sangaone kukongola kwa chingwe m'malere, kuti kwa ife nsomba ndi ndiwo basi. Nanga madoda amene amatha tsiku lonse pa bawo pansi pa mtengo wa mango amadyapo chiyani? Nanga mesho yemweyo, si iye amene anandiuza usiku wina magetsi atazima kuti bambo ake, ngakhale tsiku la mwera pamene bwato silingalowe, amapitabe kugombe kukangokhala, kuyang'ana nyanja, ndipo amayi ake anasiya kalekale kuwafunsa chifukwa? Agogo analandidwa zambiri m'zaka 20 zija, ngakhale dzina la nyambo yawo. Chimene anakana kulandidwa ndi tsiku limodzi pa chaka loti achite chinthu chovuta, chokongola, chopanda phindu, mwa kufuna kwawo, popanda wowaitana kuti boyi. Komabe chigwada chija ndimachikumbukira, ndipo sindinganene kuti amayi analakwa. Iwo ndi amene ankaima pa mafuwa.

Pali mlandu wina umene mesho sanauganize, ndipo ndimupatsa ndekha. Nsombayi ndi mlendo wolusa. Imadya tizilombo ta m'madzi, ana a achule ndi tinsomba tating'ono, ndipo akatswiri a zachilengedwe anaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zobwera zimene zimaononga kwambiri kumene zafika. Ku South Africa akhala akukangana zaka zambiri ngati aisunge kapena aithe. Phiri ngati lathu, limene lili ndi achule ndi abuluzi osapezeka kwina kulikonse, silinafunsidwe. Ndikamati ndimakonda talauti, ndikukonda chinthu chimene mwina sichinayenere kubwera. Koma tiyi nayenso sanafunsidwe, chimanga chimene, ndi chilankhulo chimene timalembera mayeso pa koleji pano.

Agogo anatisiya mu 2019. Ine ndinakweranso ndekha mu Sepitembala 2023, miyezi isanu ndi umodzi chidutsireni namondwe wa Freddy, amene mu Malichi chaka chimenecho anagumula mapiri ndi kukwirira midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Akuluakulu kwathu sankatchula za Freddy. Ankati Napolo wadutsanso, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Phiri linali ndi mabala ofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati nyama yokandidwa ndi kambuku. Anyamata a matabwa sindinakumane nawo ambiri, pakuti mkungudza woti n'kucheka watsala wochepa, mtengo womwe uja tinauika kukhala wa fuko mu 1984. Dziwe la agogo ndinalizindikira ndi mwala umene anaimapo. Linali litadzaza miyala ndi mchenga, mitengo imene inkalipatsa mthunzi itapita, ndipo nditaviika dzanja madzi sanandilume monga kale. Ndinakwera ola lina kutsata mtsinje mpaka pamene unapanikizika pakati pa matanthwe. Pamenepo ndinakhala kuseri kwa chitsamba kuyang'ana mchenga wa pansi. Dzuwa litapendeka ndinaona kamphete kamodzi, kakang'ono, pafupi ndi tsidya linalo. Ndinaponya kanayi, kachisanu nyambo inakodwa mu nthambi, ndipo panalibe mnyamata woti akwere kukaichotsa. N'chifukwa chake m'kachitini muli 14, zinali 15.

Kuti dzanja lisaiwale, nthawi zina ndimadzuka m'bandakucha kupita ku bwalo la mpira ndi nsungwi ya agogo, n'kumaponya chingwe pa udzu, kumapeto kwake nditamanga kaulusi m'malo mwa mbedza. Sabata yatha mesho ananditsatira, atafunda bulangete, akuti akufuna adzaone ndi maso ake a DC akuwedza ziwala. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anati ndimubwereke, aone chovuta n'chiyani pamenepa. Koyamba chingwe chinalira ngati chikoti. Kachiwiri chinamukulunga m'khosi. Ndinamuuza kuti adikire kumbuyoko, asathamange, ndipo anandiyankha kuti mwana wa kunyanja saphunzitsidwa madzi ndi munthu wa kumapiri. Kachisanu ndi chiwiri chingwe chinapita kumbuyo, chinatambasuka, chinabwerera, n'kudzigoneka chowongoka pa mame, kaulusi kakutera pomalizira penipeni. Anaima osalankhula, akuyang'ana kumene kagwera.

"Pa holide ndipita nawo," anatero. "Koma ikakodwa, tidya."

Ndinatambasula dzanja kuti andibwezere ndodo. Iye anali atayamba kale kukweza chingwe.